Anangogwirana Chanza

Maureen Tindall ankasenda mbatatesi pang'onopang'ono pamene Colin Brayshaw analowa m'khitchini mwake osavula ndi chipewa chomwe. Awiriwa anali madokotala, eni ake a kachipatala ka m'tauni yawo, ndipo Colin sanali munthu woyendera anzake Lamulungu.

"Mbatatesi imodzi mpaka kuiyeza ngati wodwala?" anatero Colin, koma kuseka kwake kunali kouma.

Anakhala pansi n'kuyamba kufotokoza. Boma linali litasintha kayendetsedwe ka zaumoyo, linkafuna kuti tizipatala ting'onoting'ono tiphatikizane ndi zikuluzikulu. Iye anati watopa nazo. Anali atavomera kale ntchito kuchipatala chachikulu cha mumzinda, yolembedwa, yoweruka pa nthawi yake.

Maureen anaimitsa mpeni. Anafunsa chapansipansi ngati angathe kupeza dokotala wina wolowa m'malo mwake.

Colin anayang'ana pawindo. Anati dzana anakaonana ndi loya. Pamene ankayamba kugwira ntchito limodzi, ana a Maureen akadali akhanda, sanalemberane chilichonse. Anangogwirana chanza pakhomo la chipatala monga ankachitira madokotala akale. Loyayo anati mgwirizano wotero umatha tsiku limene mmodzi wachoka, ndipo pangano lawo ndi boma likhoza kuthera pomwepo. Odwala awo adzagawidwa kwina.

"Ndiye kuti chipatala chitsekedwa?"

"Usade nkhawa iwe, ndakulankhulira kale. Nawenso akulemba. Si paja umadana ndi za mapepala? Kumeneko uzikangomvetsera zifuwa basi."

Maureen anaganiza za bambo Ackroyd, nkhalamba imene inkabwera wapansi ndi ndodo chifukwa inkalephera kukwera basi. Anaganizanso za misonkhano yonse imene Colin ankayankha m'malo mwa onse awiri, iye atangokhala phee pambali.

Colin anadzuka, akuyesa kuti nkhani yatha.

"Khalani pansi, a Brayshaw," anatero Maureen. "Zaka zonsezi mwakhala mukundilankhulira, ine n'kumangogwedeza mutu. Apa pokha ayi. Kumzindako mupita nokha. Koma tiyambe tapita kwa loya yemweyo tikalemberane, ndipo simuchoka ndisanapeze wina. Mukakana, mawa m'mawa mudzaime pakhomo paja. Aliyense wolowa mudzamuuze nokha kuti chipatala chikutsekedwa, mukumuyang'ana m'maso."