Mlendo Wosanyamula Mwana

Rozina Kachingwe anali atagwira ntchito ya unamwino zaka khumi ndi zinayi pachipatala chachikulu cha kufupi ndi Govan, mumzinda wina waukulu wa dziko la Asikoti, pamene analandira kalata ya bungwe lina lachifundo. Bungwelo limathandiza anthu ofuna kuphunzira kuchiza maganizo pomvetsera mozama, ndipo linavomera kumulipirira maphunziro a zaka ziwiri. Koma panali lamulo: pofika kumapeto kwa Okutobala, wophunzira aliyense akhale atapeza khanda loti aziliona ola limodzi sabata iliyonse. Kungoona basi. Osalinyamula, osalangiza mayi wake, osalemba kanthu ali m'nyumbamo. Wolephera kupeza khanda, malo ake amapita kwa wina.

Anayamba kufunsa kutchalitchi. Mabanja atatu anakana mwaulemu. Mayi Dyna, mtsogoleri wa amayi, sanapsatire mawu.

“Munthu wamkulu ngati inu kukhala m'nyumba mwa eni, n'kumangoyang'anitsitsa mwana osamutenga m'manja? Anthu akuyesani chiyani, mayi Kachingwe?”

Rozina sanatsutsane nawo. Analemba timapepala m'Chichewa ndi m'Chingerezi n'kukatisiya kusitolo ya zakudya za kwathu, kusaluni, ndi kwa mzamba wina amene ankadziwana naye. Kutatsala masiku asanu ndi anayi, foni inalira. Anali Tusekelege, mayi wachitsikana wa ku Karonga wokhala m'nyumba yosanja ku Springburn, dera lina la mumzindawo. Mwamuna wake ankagwira ntchito ya makompyuta ku Edinburgh, kunyamuka mbandakucha, kubwera madzulo. Mwana wawo woyamba, Eneya, anali ndi milungu itatu.

Anagwirizana za Lachiwiri, 2 koloko masana. Maulendo awiri oyamba mwanayo anangogona. Ulendo wachitatu analira chiyambire Rozina kuvula jekete. Tusekelege anamuyamwitsa, anakana. Anamusintha thewera, anamuzungulitsa pabalaza, osatheka. Rozina anaona kuti mwanayo sakudwala, koma wameza mpweya poyamwa, ndipo kungomugoneka paphewa kukanathandiza. Manja ake anayamba kunyamuka okha. Anawapanikiza pakati pa maondo.

“Anti, inu si namwino kodi? Tandiuzani chochita.”

“Ndikanaona choopsa ndikanalankhula, amake Eneya. Koma muno sindinabwere ngati namwino.”

Tusekelege anakalowa kuchipinda ndi mwana wake. Mawa lake uthenga unafika pafoni: “Musavutikenso kubwera.”

Lachinayi m'kalasi Rozina anawerenga pamaso pa anzake asanu lipoti la zonse zimene anaona, limene analemba atabwerera kwawo. Mphunzitsi wawo, mayi wachisikoti wolankhula pang'onopang'ono, sananene kuti walakwa kapena wakhoza. Anangofunsa kuti, pamene mwana ankalira, iyeyo mumtima ankamva chiyani.

Rozina anafuna kuyankha za mpweya wa m'mimba. M'malo mwake anayamba kufotokoza za nyumba zitalizitali za ku Sighthill, mumzinda womwewo, zimene zinagwetsedwa, momwe anaberekera mwana wake woyamba. Ankakhala m'mwamba kwambiri, wopanda mbale aliyense, ndipo masiku ena ankatsegula chitseko kungoti amve mapazi a munthu akudutsa. Anali asanauzepo wina aliyense zimenezi.

Atatuluka m'kalasimo analembera Tusekelege: “Mwana ndi wanu, nyumba ndi yanu. Lachiwiri ndidzaima pakhomo la pansi nthawi yathu yomwe ija. Mukapanda kutsegula ndidzamvetsa, ndipo sindidzakuvutitsaninso.”

Yankho silinabwere. Lachiwiri anasinthana shifiti ndi mnzake, anakwera mabasi awiri, n'kukaima pakhomopo mvula ikuwaza. Analiza belu kamodzi. Panapita mphindi zisanu ndi ziwiri chitseko chisanatseguke.

Tusekelege anali atavala chitenje pamwamba pa thalauza yogonera, maso ali ofiira.

“Amayi anga amaimba foni m'mawa kuti ndimumwetse madzi. Apongozi amaimba masana kuti ndisayerekeze. Aliyense akudziwa kulera mwana wanga kupatula ine. Ndiye inu, amene mukudziwadi, munangokhala duu. Ndinakwiya, anti.”

“Ndinaona.”

“Khalani pampando wanu uja. Koma musandiyang'ane ngati ndikulemba mayeso.”

Posakhalitsa Eneya anayambanso kulira. Tusekelege anamuyika pamiyendo, kenako pachifuwa, kenako anamukweza mpaka mutu unafika pakhosi pake, akumung'ung'uzira kanyimbo ka Chingonde kamene Rozina sankakadziwa. Zinatenga nthawi. Mwanayo anageya, anasisima kawiri, n'kukhala chete akuyang'ana zenera. Mayi wake anamugoneka m'kabedi kake, anatsamira pasofa, ndipo asanamalize kunena kuti aphika tiyi, tulo tinamutenga.

Nthawi inakwana 3 koloko. Lamulo la maphunziro linali loti ola likatha, woona azinyamuka. Rozina anayang'ana mayi wogonayo, anayang'ana mwana amene anali maso akusewera ndi zala zake, ndipo sanasunthe. Anadikira mphindi makumi awiri ndi zisanu mpaka Tusekelege anadzidzimuka yekha.

M'lipoti lake sanabise. Mphunzitsi anamukumbutsa kuti malire a nthawi ali ndi chifukwa chake, ndipo anzake awiri anagwirizana naye. Rozina anamvetsera mpaka onse atatha.

“Chifukwacho ndikuchimvetsa,” anatero. “Koma mayiyu anali asanagonepo masana chibadwire mwanayu. Zikadzachitikanso ndidzadikiranso, ndipo ndidzabwera kudzakuuzani kuti tikambirane.”

Mphunzitsiyo analemba kanthu m'kope mwake, n'kumupempha kuti abwerere m'lipotimo pamene mwana anayang'ana zenera, awerengenso pang'onopang'ono.