Mchenga wa Mphindi Zinayi

Chisankho cha aphungu chinachitika pa 14 Meyi. Chipani cha pulezidenti chinapeza mipando 72, otsutsa 73, ndipo kuchokera tsikulo nyumba ya malamulo sinavomereze kanthu. Kuti voti ichitike pankafunika aphungu 73 m'chipinda. Belu loitanira voti likangolira, otsutsa onse ankatuluka, poopa kuti pavoti yachinsinsi wina angawagulitse.

Ntchito ya kalaliki wa patebulo inali kutembenuza kabotolo ka mchenga. Mchengawo unkatsika mphindi zinayi belu likulira. Ukatha, zitseko zinkatsekedwa, aphungu n'kuwerengedwa. Kalalikiyo anali atakatembenuza kabotoloko maulendo 31.

Pa 30 Julayi, tsiku lotsiriza nyumba isanapume mpaka Febuluwale, pamndandanda wa zofunika kuvomereza panali dzina la woweruza wachitatu wa khoti la apilo. Popanda iyeyo khotilo silikanakhala. Apilo ya mwamuna wa kalalikiyo inali itadikira miyezi 14, mwini wake ali m'ndende.

Mlonda wa pakhomo, mng'ono wa mwamunayo, anadutsa ndi jagi ya madzi.

"Alamu, agogo aja a otsutsa atsalira pabenchi m'khonde. Akuti bondo."

"Akubwera?"

"Akuyang'ana kuno. Koma mayendedwe awo, kamba angawapitirire n'kukawatumizira kalata."

Nthawi inali 2:10 masana. Belu linalira, kalaliki n'kutembenuza kabotolo.

Dzuwa linkalowera pamawindo a m'mwamba, fumbi likuyandama pamwamba pa mipando yopanda anthu. Mbali imeneyo inkaoneka ngati dziwe lobiriwira. Ankaona ngati mchenga ukutsika kamodzikamodzi, kalikonse tsiku lake: malaya osita a mwamuna wake amene anali pa hang'ala kunyumba, mswachi wouma m'kapu, mbali ya bedi yosakwinyika. Belu ankalimvera kutali, ngati likulira pansi pa madzi.

Mchenga utatsala wodzaza chikhadabo, anakankha kabotolo ndi chigongono. Kanagona cham'mbali pakati pa mafayilo. Mchenga unaima.

Sipikala, magalasi ali pamphumi, anafunsa osatukula mutu: "Mayi kalaliki, watha?"

"Sunathe, bwana."

Sananame. Buku la malamulo a nyumbayo limati zitseko zitsekedwe mchenga ukatha. Za kabotolo kogona silinenapo kanthu.

Pofika 2:19 belu linali likulirabe. Mlamu wake anagwira chitseko ndi phewa, maso ali kukhonde. Kunkamveka ndodo ikugogoda pansi, koma kuchokera patebulo sizinkadziwika ngati ikubwera kapena ikupita. M'chipindamo munali aphungu 72.