Mizere ya Pakhosi pa Edwell

Hilda anali atangoyala salaula wake, zovala zakaunjika, pamsika wa Chawama pamene mtima unayamba kumukokera kunyumba. Anapinda malaya awiri, n'kuwatambasulanso. Mayi wina anamufunsa mtengo wa siketi katatu konse, iye maso ali kumsewu.

Kunyumbako anali atasiya mwamuna wake, Edwell, m'manja mwa a Elina, alongo ake aakulu a mwamunayo, amene anafika dzulo lake kuchokera ku Matero. Edwell, yemwe ankayendetsa lole pakampani ya boma isanagulitsidwe, anali ndi khansa yapakhosi. Adokotala anati inayamba ndi kachilombo ka HPV, kamene anthu ambiri amapatsirana pogonana osadziwa, ndipo kamatha kubisala m'thupi zaka zambiri. Tsopano anali m'sabata yachitatu yowotchedwa ndi makina kuchipatala. Pakhosi pake anamujambula mizere ya inki yosonyeza pamene makinawo ayenera kulunjika, ndipo anamuuza mobwereza kuti isafufutike.

Dzulo lakelo a Elina anangoti kulowa, chikwama chisanafike pansi, maso ali pakhosipo.

"Mulamu, simumusambika mwamuna wanu? Aoneka monga mwana wa sukulu wasewela na bolopeni."

Hilda anafotokoza zonse mwaulemu. A Elina anangoti, "Mm." Ndiye "mm" ameneyo ndi amene ankamusowetsa mtendere pamsikapo. A Elina anali munthu woti akaona banga pampoto wa mnzake, dzanja limawayabwa.

Hilda anasiyira mnzake benchi, nauyamba wakunyumba. Poyamba anayenda, kenako anathamanga, akulumpha ngalande ngati mtsikana.

Kuseri kwa nyumba anapeza beseni la madzi otentha, a Elina akukwecha khosi la Edwell ndi sopo. Edwell anali pampando, botolo lake lamadzi lili m'manja, pakuti malovu anali atamuthera ndipo mawu ankatuluka ngati mphepo yokha. Ankakweza dzanja kuti akane, koma a Elina ndi amene anamulera amayi awo atamwalira, ndipo dzanja la Edwell linali lisanaphunzire kuwakana. Kumanzere kwa khosilo kunalibenso mzere. Khungu linali litasupuka, lili psuu.

Hilda anawagwira pamkono a Elina. Zaka khumi ndi zinayi za ukwati, ankawapatsa moni atagwada. Lero anawagwira ngati wagwira wakuba pamsika, ndipo iye mwini anachita mantha.

"Ba mulamu, lekani."

"Nileke? Ba ku chalichi bazabwela kumuona. Bazakamba kuti muno mulibe mukazi." A Elina anatsitsa mawu, koma osatsitsa mokwanira. "Na matenda aya, sitiziba uyo anayaleta."

Mawuwo anamulasa Hilda, misozi inafika pafupi. Koma mkono sanausiye.

"Ba dokota banakamba kuti palibe angazibe. Ine nifuna chabe bapole. Pa Mande tizayenda tonse, mukamvele mweka."

Lamlungu lonse Hilda anangozungulira. Ankalowa, kuyang'ana khosi la mwamuna wake, kutuluka, kulowanso, ngati kuti mizereyo ibwerera yokha.

Lolemba onse atatu anakwera minibasi. A Elina anavala duku latsopano, okonzeka kukauza achipatala mmene munthu amasamalidwira. Pabenchi panali anthu ochokera kutali, ena ndi mizere yomweyo pakhosi, ndipo a Elina anawayang'ana mmodzimmodzi.

Mayi woyendetsa makinawo anatembenuza chibwano cha Edwell pang'onopang'ono, napukusa mutu.

"Lelo sitingamuike. Tifunika kupimanso, koma ku chipinda chopimila kuli full mpaka pa Chinayi. Ndani anachita ivi?"

Hilda anayang'ana pansi. Edwell anamwa madzi pang'ono, nkhope itakwinyika ndi ululu wa kumeza.

"Ndine," anatero a Elina. "Manje masiku yatatu chabe, ni vuto?"

"Amayi, chotupa sichipumula ise tikapumula."

Pobwerera a Elina sanatsutsane ndi kondakitala, zomwe zinali zisanachitikepo. Atafika kunyumba anatenga sopo wawo uja n'kumuponya m'chikwama.

Lachinayi Edwell anajambulidwa mizere yatsopano, Lachisanu nabwerera pamakina. Hilda sanakhazikike ndithu. Pamsika ankangokhala theka la tsiku, ndipo akamva beseni likulira kwa aneba, mtima unkamudumpha.

Lamlungu masana anafika amayi a kutchalitchi, asanu, akuimba chapansipansi. Wotsogolera anatulutsa kabotolo ka mafuta odzozera odwala, nafunsa pamene pakuwawa kuti adzoze pomwepo. Hilda anadzambatuka pamphasa, koma anapeza wina wamuyambirira.

A Elina anali ataima kale kutsogolo kwa mlongo wawo, manja ali m'chiuno.

"Mafuta muike pa mphumi," anatero. "Pemphelani mwamene mufunila, koma khosi iyi osaigwila. Ine ninaigwila, ninamudyela masiku."

Wotsogolerayo anadzoza pamphumi. Edwell anatseka maso, dzanja lake litagwira nsonga ya chitenje cha a Elina. Hilda anabwerera pamphasa, natambasula miyendo koyamba sabata imeneyo.