Kamera ya M'kachipinda Kovotera

Magadalena wa ku Kasina ankagulitsa kabichi pamsika wa Dedza. Chisankho chitayandikira, panafika bambo wachilendo wovala jekete lachikopa. Sanagule kanthu, anangowerama n'kunong'ona.

"Mayi, m'kachipinda kovotera tiikamo kamera. Tidzadziwa amene mwamuchonga."

Bamboyo atachoka, Magadalena anathamangira kugolosale ya a Zuleika, anzake akalekale.

"Bodza limenelo," anatero a Zuleika. "Malamulo aakulu a dziko lino amati voti ndi yachinsinsi. Palibe wololedwa kukusuzumirani."

Magadalena anagwedeza mutu movomereza, koma mtima sunakhale pansi. Malamulowo ali ku Lilongwe, pomwe wajekete uja akuyenda pompano. Nanga a Zuleika akulimbikira chonchi, ali mbali iti iwowo?

Tsiku lovota kunacha ndi chifunga. Magadalena atalowa m'kachipinda kovotera anapapasa makatoni onse otchingira, anayang'ana ndi kudenga komwe, koma anangoona kangaude. Komabe pochonga anaphimba dzanja ndi chitenje.

Pobwerera anakumana ndi bambo uja pamsewu, akumwetulira.

"Mwasankha ndani, mayi?"

Magadalena anamuyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi, n'kumudutsa. Kamerayo ikanakhalapo, akanafunsiranji? Ngakhale mwamuna wake kunyumba sanamuuze.