Bambo Anafunsa Kuti Ndege Yafika Pati

Foni inalira akumanga bandeji pa mwendo wa gogo wina kunyumba yosamalira okalamba. Anali achimwene ake, kuimba kuchokera kwawo.

"Mzime, bambo akungotchula dzina lako. Ngati ukubwera, bwera."

Kwawo ankamutcha Mzime poti ndiye wotsiriza kubadwa, ndipo ngakhale tsopano anali namwino wa imvi zake, dzinalo linamukanirira. Anamaliza bandejiyo, anasamba m'manja, n'kukapempha tchuthi. Kutacha anali m'ndege.

Kumsana kwa mpando wa patsogolo pake kunali kakanema kosonyeza mapu. Mzinda umene ankagwirako ntchito unali kumtunda, wa kwawo kumunsi, pakati pali nyanja ndi chipululu. Atayikapo dzanja, chikhatho chinaphimba mtunda wonsewo. Koma manambala ankanena zina: makilomita oposa zikwi zisanu ndi zinayi. Kandege kojambulidwako kanali ngati kamatidwa ndi ulimbo. Akatsinzina n'kutsegula maso, kali pomwepo.

Mayi amene anakhala pambali pake anali wokonda macheza. "Kachikwama kamodzi basi? Abale anu akakubwezani pageti!"

Mzime anamwetulira mokakamiza. "Bambo anga sakupeza bwino."

"Pepani, amwali. Mukawapeza."

Chakudya chinabwera, chinabwerera chosavundukula.

Anatera mumzinda wina wapakati kuti asinthe ndege. Atangoyatsa foni, mauthenga anagwa ngati matalala. Sanawerenge ndi umodzi womwe, anangoimba. Anayankha ndi alamu ake.

"Dikirani, ndiwapatse eni ake."

Achimwene analandira foniyo.

"Atisiya," anatero achimwene. "Iwe uli m'mwamba."

"Ananenapo kanthu?"

"Amangofunsa kuti wafika pati. Ine ndimati uli pafupi. Iwo amvekere, 'Pafupi pake pati? Ndege yanji yochedwa chonchi? Bola akanakwera njinga yanga.'" Achimwene anayesa kuseka.

Mzime anakhala pansi penipeni, kutsamira khoma pafupi ndi sitolo ya mafuta onunkhira. Anthu ankamudutsa akukoka masutikesi. Mayi wokolopa anafika ndi ndowa yake, anamuyang'ana, n'kukolopa momuzungulira. Pachikwangwani analemba kuti ndege yachiwiri ichedwa. Sanakwiye nazo. Kuthamanga kunali kutatha ntchito.

Atafika kwawo, pa khomo lotulukira anayamba waona jekete la bambo ake, lofiirira lija, lothothoka m'zigongono. Anali achimwene atalivala, manja a jeketelo akuwalekeza pamwamba pa wotchi.

"Wawonda," anatero achimwene, akumulanda chikwama.

"Inunso."

M'galimoto munkanunkhabe mankhwala opaka a bambo, ndipo pampando wakumbuyo panali pilo ndi fulasiki zimene anachoka nazo kuwodi. Pa mphambano yopita kuchipatala achimwene anachepetsa liwiro mwachizolowezi, n'kuyatsa indiketa. Kenako anakumbukira. Anaizimitsa, nawongola galimoto kulowera kunyumba.