Makontena Asanu

"Pakampani pano munthu wodziwa kudya ndine ndekha. Enanu mumangoponya zinthu m'mimba ngati mukutaya kudzala."

Anatero Ndandanda atakhala pa katoni ya sopo, akusisita kamimba kake pamaso pa anzake onyamula katundu. Dzinalo anam'patsa ndi iwo omwe, chifukwa chilichonse kwa iye chinali ndi ndandanda: kuweruka faifi koloko, minibasi, sukulu yamadzulo ya zamagetsi hafu faifi, ndipo pakati penipeni chakudya chake cha thanzi cha mu kontena. Ankawauza kuti kuyambira tsiku limene adokotala anamuopseza ndi bipi, mafuta ndi mchere anasudzulana nazo popanda kupita kukhoti.

Chimene sankanena n'chakuti iye ngakhale madzi sankadziwa kuwiritsa. Amene ankadzaza makontenawo anali mkazi wake.

Mayiyo ankasita zovala ku hotela, choimirira kuyambira m'mawa, ndipo madzulo mapazi ake ankakana nsapato. Nayenso anali pa sukulu yamadzulo, ya makompyuta, Lamlungu n'kukhala tsiku lake lowerenga. Adokotala atanena kuti bambowa akapitiriza zokazinga adzagwa ali pa makwerero, mayiyo analongedza mabuku ake m'katoni n'kukankhira kunsi kwa bedi. Lamlungu linasanduka la mapoto. Nyemba zonyika Loweruka, mpunga wosapuntha, nkhuku yosenda khungu ngati yalakwa, kabichi ndi karoti, mchere wongonunkhizitsa. Makontena asanu, lililonse ndi kapepala kake, Lolemba mpaka Lachisanu, ndii mufiriji.

Anangopempha chinthu chimodzi. "Tsiku limene mudzatope nacho, bambo, mudzandiuze ndibwerere kusukulu kwanga. Kungoti musadzandinamize."

Ndandanda analumbira mpaka kutchula manda a agogo ake.

Sabata yoyamba anadyadi, atakhala pa benchi ya kuseri kwa kalasi. Koma mpunga wozizira umene wayenda m'chikwama tsiku lonse pamodzi ndi mawaya suseka ndi munthu. Ndipo satana, amene sachedwa pa ntchito, anali ataika wokazinga tchipisi ndi soseji pafupi ndi geti la sukuluyo, mbali imene mphepo imachokera. Lachiwiri la sabata yachiwiri Ndandanda anati angolawa kamodzi, thupi lisaiwale kumene linachokera.

Vuto linatsala kontena. Kutaya chakudya sakanatha, analeredwa bwino. Kubwerera nacho kunyumba sakanathanso, ankaufuna moyo. Ndiye anaona mlonda wa pageti, mkulu woonda ngati ndodo ya tsache, n'kumupatsa. Mlondayo anadya, natsuka kontenayo pa mpopi, n'kumubwezera potuluka ili mbee. Mawa lake chimodzimodzi. Posakhalitsa nazonso zinalowa mu ndandanda.

Kunyumba mkazi ankatsegula kontena yoyerayo n'kumwetulira. Ankati sanadziwe kuti anakwatiwa ndi mwamuna wotsuka mbale. Ndandanda ankayankha kuti munthu akaphunzira amasintha. Za ku chipatala ankangoti bipi ikutsika pang'onopang'ono, ngati nkhalamba pa masitepe, pamene namwino anali atamufunsa ngati mchere amachita kumwera m'kapu.

Mwezi wachitatu, kusukulu ya makompyuta anatsegulanso kalembera. Mkazi anabwera ndi fomu, naisiya pa tebulo masiku anayi. Ndandanda ankaiona fomuyo m'mawa uliwonse pomwa tiyi. Mawu anali pakhosi, ochepa chabe: bwerera kusukulu, chakudyacho sindidya. Koma kuwanena kunali kuvula malaya a munthu wa ndandanda, ndipo malayawo ankamukhala bwino. Tsiku lomaliza mayiyo anaipinda fomuyo n'kuika pansi pa poto wotentha. Anati chakudya chikugwira ntchito, sangachisiye pakati, makompyuta sathawa. Ndandanda anagwedeza mutu ngati munthu wanzeru, ndipo tsiku limenelo kuntchito anaphunzitsa anzake kuipa kwa soseji kwa theka la ola.

Lachinayi lina anadzuka mochedwa n'kuthamangira minibasi, kontena n'kutsala mufiriji. Anazindikira masana, koma sanadandaule. Wogona ndi njala anali mlonda.

Madzulo ake Ndandanda anaima pa wokazinga uja, dzuwa likadalipo, mbale ya tchipisi kumanzere, soseji pa kamtengo kumanja, akufotokozera anzake a m'kalasi awiri kuti izi n'zamwadzidzidzi chabe, lero lokha. Ali pakati pa chiganizo anaona mayi akutsika minibasi tsidya la msewu, atavala yunifolomu ya ku hotela ndi masilipasi, akuponda mosamala ngati pansi pali minga. M'manja anali atanyamula kontena yokulunga m'kansalu kuti isazizire. Anali ataitenthetsa.

Ndandanda anafuna kubisala, koma kuseri kwa chiwaya kunali utsi wokha.

Mkazi wake sanamuone. Analunjika pageti, napereka moni mwaulemu, n'kufunsa kumene kuli kalasi ya zamagetsi, chifukwa amuna ake aiwala chakudya ndipo ndi odwala, sadya zapamsewu. Mlonda anayang'ana kontenayo, nawerenga kapepala ka Lachinayi, nkhope yake n'kuwala. Anali atanenepa ndithu, mabatani a yunifolomu akupempha chifundo. Anatambasula manja onse awiri.

"Kodi ndinu amene mumandiphikira, mayi? Ndimati lero ndagona nayo. Dzanja lanu ndi lodala, miyezi itatu yokha lamba ndaboola kawiri. Kungoti nyemba za Lachinayizi muziwonjezako kamchere." Kenako analoza ndi chibwano. "Abwanawo ndi awo ali apowo, pamalo pawo pa masiku onse."

Mayiyo anatembenuka pang'onopang'ono, kontena ikadali m'manja, n'kupeza mwamuna wake mafuta ali chezichezi pamilomo, soseji yolumidwa theka ili m'mwamba.