Chala cha a Sabiti pa Msahafu

Mayi Tabita adatsitsa bokosi lachitsulo pamwamba pa kabati, nalitula pamkeka pamaso pa mlendo. Chimwalirireni amuna awo, a Sabiti, bokosilo linali lisanatsekulidwepo.

M'katimo munali Msahafu, Kurani imene agogo awo a malemuwo adalemba pamanja kalekale ku Nkhotakota, asanakwere mapiri ano ndi malonda a mchere. A Sabiti anali Msilamu wa golosale pa Msakambewa, pamene mayi Tabita anali a Mvano, mwana wa mkulu wa mpingo. Pa ukwati wawo anthu adalankhula mpaka malovu kuuma, koma banja lidakhala. Pangano linali limodzi lokha: bukulo amayiwo asadzalikhudze ndi dzanja. Ngakhale mwini wakeyo sankaligwira asanatawaze, kusamba m'manja, kumaso ndi kumapazi. Mayi Tabita adasunga mawuwo. Akafuna kupukuta fumbi ankanyamula bokosi lonse ndi manja awiri, osasuzumiramo.

Mlendoyo anali bambo Hashim a ku Lilongwe, osonkhanitsa mabuku akale a Chiarabu olembedwa pamanja. Adawabweretsa ndi Thoko, mwana wamkazi wa m'nyumbamo. Amayiwo adakana kwa nthawi yaitali, ati buku la bambo ake si chigoba cha kamba chokaonetsa anthu. Potsiriza adalola kuti mlendoyo angoliona, basi.

Bambo Hashim adapempha madzi, nakatawaza kuseri kwa nyumba. Atabwerako adavala magolovesi oyera ansalu, nafunyulula nsalu yobiriwira imene idakulunga bukulo. Kalanga ine! Njenjete zidathawira uku ndi uko. M'mphepete mwa masamba munali modyekadyeka, ndipo pansi pa nsaluyo panali mbwee tinyenyeswa ta pepala, tina tili ndi zilembo zake. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Mayi Tabita adangogwira pakamwa, manyazi ndi chisoni zitawagwira limodzi.

Mlendoyo sadawabisire. Adati pakadutsa dzinja lina limodzi kapena madzinja awiri, m'bokosimo mudzatsala fumbi lokhalokha. Adatinso kwawo ku Lilongwe kuli chipinda chouma bwino, ndipo bukulo akaliika m'galasi likhala mpaka zidzukulu za Thoko kudzaliona.

"Nanga m'galasimo adzaliwerenga ndani?" adafunsa mayi Tabita.

"Palibe, amayi," adayankha bambo Hashim atazyolika. "Pepalali latopa. Anthu azidzangoliona."

Mawuwo adawalasa mumtima. Buku limene linkadzutsa nyumba yawo m'mbandakucha uliwonse likagone chete ngati mtembo pachionetsero? Bola likhale pompano, pakabati pamene mwini wake adalisiya. Koma pompanopo ndi pamene linkathera, m'manja mwawo mwenimweni. Thoko adatsekula pakamwa kuti alankhule, amayi ake namuyang'ana diso limodzi, iye n'kukhala duu.

Kenako mayi Tabita adapempha mlendoyo kuti awawerengereko pang'ono.

Bambo Hashim atalifunyulula, bukulo lidatseguka lokha chapakati, ngati chitseko chozolowera njira yake. Adayamba kuwerenga motsitsa mawu. Mayi Tabita sankamva liwu ndi limodzi lomwe la Chiarabu, komabe kayimbidweko ankakadziwa. Ankadziwa pokweza mawu, popumira, ngakhale pamene a Sabiti ankakonda kutsokomola. Misozi idayenderera mpaka m'khosi, ndipo sadaipukute. Adawasowa amuna awo tsiku limenelo kuposa tsiku la maliro.

Atamaliza, mlendoyo adaloza pangodya yam'munsi ya tsambalo. Panali banga lakuda, lozungulira, losalala.

"Apa ndi pamene chala cha amuna anu chinkagwira," adatero.

Amayiwo adasendera pafupi. Njenjete zinali zitadya kale mpaka m'mphepete mwa bangalo, kutsala pang'ono kulilowa. Adaliyang'ana nthawi yaitali. Panja nkhuku zinkatetera, galimoto ya makala inkalira pamtunda.

"Tengani," adatero. "Zisafike pamenepo."

Bambo Hashim adayamba kunena za kangachepe kothokozera, koma mayi Tabita adakweza dzanja, nkhaniyo n'kufera pomwepo. Iwo anali ndi pempho lina, ndipo lidatuluka movutikira.

"Zaka zonsezi sindidalikhudzepo. Kodi n'kulakwa nditaika chala changa pamene panali chawo?"

Mlendoyo sadafune kuwanamiza, sadafunenso kuwakaniza. Adavula golovesi ya kudzanja lamanja, nawapatsa ndi manja awiri. Mayi Tabita adaivala, ikuwakhwepa, naika chala chawo chachikulu pabanga lija mofatsa. Bangalo lidaonekerabe mbali zonse. Chala cha a Sabiti chinali chachikulu kuposa chawo.

Polongedza, bambo Hashim adati tinyenyeswa tija si tosesera kudzala, chifukwa tili ndi mawu opatulika. Mwambo wake ndi kutikulunga m'nsalu yaukhondo ndi kutikwirira pamalo posapondapo anthu. Adadzipereka kuti achite okha, koma amayiwo adati ntchito imeneyo ndi yawo.

Galimoto ya mlendoyo itazimirira pa msewu wa ku Dowa, mayi Tabita adatenga khasu. Kuseri kwa nyumba, patsinde pa mtengo wa mbawa umene a Sabiti adabzala, adakumba dzenje lakuya kufika m'chigongono. Adamanga nsalu yobiriwira ija osakhudza zam'kati, naigoneka pansi, nakwirira, naikapo mwala. Thoko adaima chapatali, osadziwa kuti apemphere pemphero liti.

M'mawa mwake, popukuta fumbi, mayi Tabita adanyamula bokosi lija ndi manja awiri monga mwa masiku onse. Linali lopepuka kwambiri. Adalibwezera pamalo pake.